Sanda ya Che Mahmudu

"Ndikukufunsa komaliza, Fadila. Nsalu ya ababa waichita chiyani?"

Ayisha anali ataima pakhomo pa nyumba ya mng'ono wake, m'manja muli kachidutswa ka nsalu yoyera kodzaza matope. Mvula inkawaza monga inachitira sabata yonseyo, koma iye sankaimva n'komwe. Fadila anali chikhalire pansi kuseri kwa chitseko, miyendo atapinda, maso ali padothi.

Nsalu imene ankafunsayo sinali nsalu wamba. Inali sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo, imene bambo awo, Che Mahmudu, anadzigulira okha ku Ntaja chaka chimene nandolo anachita bwino. Mkuluyo ankati safuna kuti tsiku lake likadzafika ana adzayambe kuthamangathamanga mtembo uli pamphasa. Anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa zovala m'sutikesi, ndipo Lachisanu lililonse akachokera ku mzikiti ankatsegula n'kuisisita, ngati mmene anzawo amayenderera mbuzi m'khola. Lachisanu limeneli anapeza m'sutikesi muli zovala zokhazokha. Ayisha anasaka mpanda wonse mpaka anatola kachidutswa kaja kuseri kwa bafa la Fadila. Atakankha chitseko, anaona zidutswa zina zambiri zitayanikidwa pachingwe m'chipinda, nyumba yonse utsi wa lubani uli tolotolo.

"Ndinatenga ndine, achemwali," anatero Fadila. "Kudulanso ndinadula ndine."

"Kuti utani nayo?"

"Ndinaifuna."

Ayisha anali mayi wapakamwa, ndipo tsikulo pakamwapo anapagwiritsa ntchito. Anafunsa ngati Fadila anaonapo munthu wamoyo akufuna sanda. Anamukumbutsa kuti mayi awo anamwalira atawasiyira bambo awo kuti awasamale, osati awakumbire manda. Anamutchula wakuba, wopanda chisoni, wonyada. Fadila sanalire, sanapepese, ndipo sanadzuke pamene anakhalapo. Kusadzukako n'kumene kunamupweteka kwambiri Ayisha, chifukwa mwana woleredwa bwino mkulu wake akamakalipa amachitako manyazi.

Kunena zoona, mkwiyo wa Ayisha sunayambe tsikulo. Chichokereni kuchipatala dzinja lathalo, kumene anapita ndi pathupi n'kubwerako chimanjamanja, Fadila anasintha. Ku mzikiti anasiya. Kuswali, mapemphero a tsiku ndi tsiku aja, kunyumba anasiyanso. Maliro atatu anachitika m'mudzimo iye osapondako, pamene kwathu kuno munthu akhoza kukukhululukira ngakhale utamubera nkhuku, koma osati kujomba pamaliro ake. Kudya ankadya yekha. Kumjigo ankapita masana dzuwa lili paliwombo, pamene kulibe aliyense, ndipo madzi ankatunga ochuluka ngati akuumba njerwa. Mwamuna wake, Bilali, ananyamuka ulendo wa ku Joni patangopita mwezi chimwalirireni khandalo. Ayisha ankaona zonsezi n'kumati ndi matama a mkazi amene mwamuna wake ali kunja.

Madzulo a tsikulo kumjigo, amayi atamufunsa chimene ankakalipira, Ayisha anangonena chiganizo chimodzi, choti munthu sadula sanda ya bambo wake popanda chimene akufuna kuchita nayo. Sananene mawu akuti ufiti. Sanafunikire kutero, anzake anamumalizira. Pofika Lamlungu nkhani inali itamera miyendo ndi mapiko omwe. Ankati Fadila akukhwimira mwamuna wake kuti alemere ku Joni. Ankati sing'anga anamuuza kuti adule sanda ya bambo wake womubala, ndipo chidutswa chomaliza chikadzatha, mkuluyo adzatsirizika. Lubani uja anati ngoitanira ziwanda. Ena, amene Mulungu yekha ndiye angawakhululukire, anafika ponena kuti ngakhale khanda lija silinafe lokha.

Amene ankanena zimenezi sanali anthu oipa. Anali amayi omwe aja amene amagona pasiwa usiku wonse, amene amakupatsa mchere ukawapempha. Koma munthu akachita chinthu chimene sitikuchimvetsa, timafulumira kumupatsa chifukwa chochokera m'mitu mwathu, ndipo nthawi zambiri timasankha choipitsitsa.

Che Mahmudu nkhaniyi inawalowa m'mafupa. Chifuwa chimene ankakhala nacho dzinja lililonse chaka chimenecho anachimva mwamtundu wina. Akatsokomola ankayang'ana ku nyumba ya Fadila. Mdzukulu wina anapita kukawagulira sanda ina, koma iwo anakana ngakhale kuiona, amvekere vuto si nsalu. M'mawa wina Fadila anawaphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, limene ankalikonda, n'kukaliika pakhonde, iye n'kubwerera m'mbuyo kukagwada patali monga ankachitira masiku amenewo. Mkuluyo anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali.

"Ndinakulakwira chiyani, mwana wanga?"

"Palibe, baba."

"Nanga bwanji wandiika m'manda ndikupumabe?"

Che Mahmudu anakankha mbaleyo ndi ndodo, phala n'kutayikira pansi, nkhuku n'kuthamangirapo. Ayisha, amene ankaonerera ali pamtondo, anamva chisoni ndi bambo ake, ndipo mtima wake pa Fadila unauma kwambiri.

Sabata yachitatu anabwera mjomba wawo, Che Swaibu, mlongo wa malemu mayi awo, amene anali mwini mbumba. Anasonkhanitsa abale pansi pa mtengo wa mango. Abalewo anamuyalira Fadila mkeka, koma iye anakakhala padothi poteropo, kumene mphepo inkapita, ndipo anthu anagwedeza mitu poona mwano wakewo. Che Swaibu sanali munthu wankhanza. Anamunyengerera kuti angonena dzina la sing'angayo, ashehe adzamuwerengere pemphero la dua, nkhani ithe. Anamulonjeza kuti palibe amene amukhudze. Fadila anangobwereza zomwe zija, kuti anatenga ndi iye, anadula ndi iye, ndipo kwa sing'anga sanapiteko. Atamufunsa kuti nanga nsaluyo inali ya chiyani, anawerama.

Anaimbira foni Bilali. Mawu ake ankamveka patalipatali, pali phokoso la magalimoto. Anati iye zimenezo sakuzidziwa, ndipo ngati mkaziyo wawakanika, akamusiye kwa amayi ake a Bilaliyo kwa Kalembo mpaka iye adzabwere. Kudzabwera liti sananene. Che Swaibu anagamula kuti zitero, chifukwa anyamata ena m'mudzimo anali atayamba kale kugenda denga la Fadila, ndipo mkulu wodwala sangachire akuona munthu amene akumuopa. Woperekeza anasankha Ayisha.

Apa m'pamene Fadila anapempha chinthu kwa nthawi yoyamba. Anati ngati n'kotheka asakwere minibasi, ayenda wapansi. Anthu anaseka. Kuchokera ku Ntaja kukafika kwa Kalembo wapansi, kudutsa Liwonde, ndi katundu pamutu? Wina ananong'ona kuti mwina akufuna auluke.

Tsiku la ulendo mvula inakata, dzuwa n'kutentha ngati la mu Okutobala. Ayisha anaona kuti mng'ono wake sanamwe tiyi, ndipo milomo yake inali itang'ambika ngati ya munthu wofunga, wosala kudya ndi kumwa. Anamupatsa madzi a m'botolo, iye anakana. Ayisha anati m'mtima mwake, ufe nalo ludzu lakolo. Pa Ntaja anapeza minibasi ili ndi anthu atatu okha, kondakitala akulumbira kuti ikunyamuka pompano. Inazungulira pamsika, inabwerera pa siteji, inapitanso kukanyamula matumba a mpunga. Pamene inkanyamukadi, dzuwa linali litakwera, ndipo Fadila anali atapanikizidwa pampando wakumbuyo pakati pa mkulu wake ndi mayi wina wonenepa wovala mpango wonyezimira.

Atangodutsa Nsanama, mayi wonenepayo anayamba kununkhiza. Ananyamula chikwama chake n'kuchiika pamiyendo. Kenaka anagwira pampando, n'kuyang'ana dzanja lake, n'kukuwa kuti galimoto iime. Ayisha nayenso anamva chitenje chake chikunyowa pantchafu. Anacheuka. Fadila anali atatsinzina, manja atakumbatira m'mimba, misozi ikuyenderera popanda phokoso.

Zimene zinatsatira n'zosasangalatsa kuzifotokoza. Mnyamata wina kutsogolo anafunsa ngati m'galimotomo mwakwera mbuzi, anthu n'kuphulika kuseka. Ena anatsegula mawindo, ena anatseka mphuno ndi malaya. Mayi uja ankangobwereza kuti munthu wamkulumkulu, kulephera kunena kuti driver taimani. Kondakitala anatsegula chitseko n'kunena kuti galimoto ya bwana wake si chimbudzi, atsike. Fadila anadutsa pakati pawo atawerama, chitenje chitamatirira kumbuyo, aliyense akudzikokera kumbali. Ayisha anachita manyazi kwambiri moti kwa kamphindi anaganiza zongokhala phee ngati sakumudziwa. Anatsika katundu wawo ataponyedwa kale pansi.

Minibasi itapita, kunangotsala phokoso la nyenje. Fadila anakakhala pansi pa mtengo wa mthethe m'mbali mwa msewu. Mtolo wake unali utamasuka pogwa paja, ndipo pakati pa zovala panaoneka zidutswa zoyera zija, zochapidwa, zopindidwa katatukatatu ngati matewera a mwana. Ayisha anaziyang'ana, n'kuyang'ana mng'ono wake, kenaka anakhala pansi pafupi naye.

"Zinayamba liti?"

"Tsiku lomwe anamutulutsa mwana uja."

Anafotokoza pang'onopang'ono, osayang'ana mkulu wake. Matenda a uchembere atayamba, mtsinje unali utadzaza moti anachedwa kuwoloka, ndipo izi Ayisha ankazidziwa chifukwa analipo. Pamene ankafika kuchipatala mwana anali atafera kale m'njira yake. Chimene Ayisha sankadziwa n'chakuti mutu wa mwanayo unakhalitsa pamenepo mpaka unaboola chikhodzodzo. Kuyambira tsikulo mkodzo sunkamufunsanso. Unkangotuluka, akhale pansi, aimirire, agone. Bilali anapirira milungu ingapo, kenaka anayamba kuyala mkeka wake pabalaza, kenaka anapeza ulendo wa ku Joni.

"Ndinayamba ndi matewera amene ndinamukonzera mwana. Atatha ndinang'amba zitenje zanga, chimodzichimodzi, mpaka ndinatsala ndi ziwiri zimenezi. Ndiye mvula ija inabwera. Ndikachapa siziuma, achemwali. Panja sindingayanike, anthu afunsa kuti matewerawo nga mwana uti. M'nyumba zimatha masiku zili zonyowa. Khungu lonse kunoku linasupuka, ndinali ndi zilonda zoti kuyenda ndimachita kukwawa. Tsiku limenelo ndinalibe kansalu kouma ngakhale kamodzi. Ndinalowa m'nyumba mwa ababa kukasesa, ndinaona sutikesi."

"Sunaope?"

"Ndinaopa. Ndinaitulutsa, ndinaibwezera, ndinaitulutsanso. Ndinati ababa akadali ndi mphamvu, ndidzalima ganyu ndidzabwezera asanadziwe. Nsalu ija njofewa, imamwa madzi. Tsiku limenelo ndinagona tulo koyamba."

Zina zonse Ayisha anazimvetsa yekha, chimodzi pambuyo pa chinzake, ndipo chilichonse chinkamubaya. Munthu amene sangakhale woyera ngakhale mphindi zochepa angaime bwanji pamzere wa swala pakati pa amayi anzake? Angagone bwanji pasiwa, m'nyumba yodzaza anthu? Lubani anali wobisa fungo. Madzi ambiri aja anali ochapira. Nayenso Ayisha anali atamvapo kafungo kena pansi pa lubaniyo, koma anati ndi uve wa mkazi waulesi.

Anafunsa ngati kuchipatala anapitako. Fadila anati anapita kamodzi, yekha, ananama kuti akupita kumsika. Namwino anamuuza kuti matendawa ali ndi dzina, fisitula, ndipo amasokedwa n'kuchira, koma madokotala ake amabwera nthawi ndi nthawi ku chipatala chachikulu, ndipo pamafunika munthu wokamudikirira milungu ingapo. Kuti apeze womudikirira, anayenera kuuza munthu.

"Bwanji sunandiuze ine? Ine mkulu wako, tinayamwa bere limodzi."

Fadila anamuyang'ana koyamba tsikulo. M'maso mwake munalibe mkwiyo, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa mkwiyo.

"Mukukumbuka mayi uja wa kutsidya, amene anali ndi vuto ngati langali? Dzina lake lenileni mukulikumbuka?"

Ayisha sanalikumbuke. Ankangokumbuka dzina lachipongwe limene ana ankamuimbira akamadutsa, ndiponso kuti iye mwini, pa sadaka ina, anasanzira mmene mayiyo ankayendera, amayi anzake n'kugwa nako kuseka. Fadila anali pomwepo akutsuka mbale. Mayiyo anamwalira ali yekha m'kanyumba ka kumunda.

Ayisha analira ngati pamaliro. Atatha anapukuta nkhope n'kunena kuti basi, akubwerera, akasonkhanitsa anthu onse pansi pa mango paja, akawauza zoona, aliyense amene anatchula ufiti akachite manyazi. Fadila anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Iyayi, achemwali. Musakanene."

"Ukufuna azikutchulabe mfiti?"

"Eya."

"Wapenga?"

"Mwamva mmene amasekera m'galimoto muja? Milungu itatu imeneyi akhala akunditchula mfiti, palibe amene wandiseka. Ndikamadutsa amandipatsa njira. Mfiti amaiopa, achemwali. Wonunkha amamuseka, ndipo ngakhale atachira dzinalo silichoka. Ndisiyeni ndi dzina limene ndingathe kulisenza."

Ayisha anayesa kumunyengerera. Anati nanga bambo awo okha, amene akudwala ndi mantha? Fadila anati bambo akadziwa, mjomba adziwa, mjomba akadziwa akazi awo adziwa, ndipo akazi a mjomba ndi wailesi. Komanso mwana wamkazi angayambire pati kuuza bambo ake kumene sanda yawo inapita? Anamuuza kuti alumbire. Ayisha anazengereza, koma dzanja lija silinamusiye, ndipo pomaliza analumbira m'dzina la Mulungu kuti sadzanena mpaka mwini wake adzalole.

Za kwa Kalembo sanazitchulenso. Onse awiri ankadziwa kuti m'nyumba ya apongozi chinsinsi chotere sichingagone masiku awiri. Ayisha anavula chitenje chake chapamwamba n'kumuveka mng'ono wake, anamukakamiza kumwa madzi a m'botolo aja, ndipo anaimitsa akabaza awiri. Pampando wa njinga ya Fadila anayalapo jumbo, n'kuuza wakabazayo kuti mayiyu ali ndi matenda a chizimayi, asafunse zambiri.

Anafika dzuwa litapendeka. Che Swaibu anali akadali pakhonde ndi Che Mahmudu, ndipo ataona awiriwo akulowa mumpanda anaimirira. Ayisha sanadikire kufunsidwa. Anati Fadila sapita kulikonse, azikhala m'nyumba mwake mwa iyeyo, ndipo amene akufuna kugenda agende denga lake. Mjomba anafunsa chimene chasintha. Ayisha anati palibe. Anafunsanso ngati wavomera za sing'anga. Anati iyayi. Che Swaibu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti m'mawa uja anatumiza munthu mmodzi wodwala mutu, madzulo ano alandira awiri. Anakwera njinga yawo osatsanzika.

M'mudzi simunachedwe kupezeka tanthauzo. Anati Fadila wamudyetsa mkulu wake panjira. Ena anati iyayi, anali limodzi kuyambira kale, kukangana kuja kunali kophimba anthu m'maso. Mwamuna wa Ayisha anasamutsira mkeka wake kwa mkazi wake wamng'ono. Ayisha anamanga chingwe m'khitchini mwake pamwamba pa moto, ndipo zidutswa zija zinayamba kuuma msanga. Anapita kuchipatala kukalembetsa kuti womudikirira ndi iye, anamuuza kuti adikire, adzaitanidwa.

Patapita masiku, Che Mahmudu anamuitana Ayisha. Anali ataonda, maso atalowa m'kati. Anamuuza kuti akhale pafupi, n'kulankhula motsitsa mawu ngati akupempha.

"Iwe sunandinamizepo. Mwana wanga uja ndi mfiti?"

"Iyayi, baba."

"Akufuna ndife?"

"Iyayi. Amakukondani kuposa mmene ndimakukonderani ine."

"Ndiye ndiuze. Sanda yanga anadulira chiyani?"

Yankho linali pakamwa penipeni. Mawu ochepa okha akanachotsa mantha pankhope ya mkuluyo, mwina akanadya n'kugona. Kuseri kwa mpanda wa udzu kunamveka madzi akukhavukira m'beseni, kenaka anasiya. Fadila anali kumvetsera.

"Sindingakuuzeni, baba."

Che Mahmudu anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anangoti ankaganiza kuti watsala ndi mwana mmodzi, koma nayenso wamutaya, ndipo anatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa bulangete ngakhale kunkatentha.

Ayisha anadzuka, chifukwa madzi ochapira anali atatha. Anatenga ndowa n'kupita kumjigo. Anapeza mzere wautali, amayi akucheza, ana akusewera m'matope. Atangomuona, macheza anaduka. Mayi amene ankapopa anasiya chogwirira, wina anakoka mwana wake, ndipo ndowa zonse zinasunthidwa kumbali imodzi ndi imodzi mpaka njira inatseguka kufika pampopi. Onsewo anali anzake, ena anavinidwa nawo limodzi. Ayisha anaika ndowa yake, napopa yekha mpaka inadzaza. Anayang'ana uku ndi uku kuti wina amusenzetse, koma aliyense anali atayang'ana kumbali. Anagwada, anaikweza pabondo, n'kudzisenza yekha, madzi akutayikira kumsana. Palibe amene anaseka.